Kalasi ya pa Chulu

Netiweki ya ku Khonjeni ndi yamwano:
m'nyumba siilowa,
imakudikira pa chulu kuseri kwa tchalitchi
ngati munthu amene uli naye ngongole.

Ndiye ndimakwera, kope m'khwapa,
chiperoni chikundinyambita m'makutu.
A Nakhumwa atumiza mawu pa gulu usiku wathawu,
mphindi zisanu ndi ziwiri,
tambala wawo wa ku Zomba akulira pakati pa chiganizo.
Ndamvera kanayi. Tambalayo ndamuloweza,
koma za asidi wa m'dothi zikutererabe.

Poyamba ankatiitana pa vidiyo, ola lathunthu,
bandulo n'kutha iwo akadali pa moni.
Mwalabu ndiye analimba mtima n'kulemba:
Aphunzitsi, kuno intaneti timagula ndi ndalama ya ndiwo.
Gulu lonse zii. Masiku awiri.
Kenako kunabwera mawu aafupi, ndi pempho:
aliyense ajambule dothi la kwawo.

Ine ndinajambula chikhatho cha amayi
atangoweruka kothyola tiyi,
katondo atakhazikika m'mizere yake.
Wa ku Karonga anatumiza lakuda, wa ku Nsanje lamchenga,
mpaka foni yanga inadzaza minda ya eni.

Lero funso lachinayi pa mayeso ndi dzanja lomwelo.
Ndawakuwira ndili pamwamba pomwepa.
Aseka mpaka kutula mtolo wa nkhuni:
Ine wa sitandade fili, ndalowa yunivesite?
Kenako apukuta misozi ndi nsonga ya chitenje.
Tsika msanga, akutero,
mbuzi zalowa m'nandolo.