Nambala Seveni Adakali ku Songwe

Njinga yake ndinaipukuta Lachitatu,
ndinaipukutanso Lachisanu
ngakhale sinatuluke m'galaja.
Yatsamira chipupa pakona apo,
seveni wake ndinamulemba ndekha
ndi penti wotsala pa geti la a Munthali.

Njinga za mpikisano wathu zilibe mabuleki.
Anthu a ku Chibavi akamva amaseka,
ati ndi za anthu otopa ndi moyo.
Giya ndi imodzi, kukhota n'kumanzere kokha,
phazi likukhwekhwereza katondo
pa kabwalo kathu kuseri kwa Luwinga.

Lusekelo Mwaipopo wa ku Kyela
amakhota ngati anapangana ndi nthaka.
Ndinamuona mu Juni, mvula ikuwaza,
enafe tikunjenjemera m'majekete a kaunjika.
Tinasainirana pa thanki ya njinga:
petulo, chipinda ku Chiputula,
ndi kagawo ka ndalama za pageti.

Mu Januwale, pawindo la olowa ndi otuluka,
anati kalata ya kalabu ndi zithunzi ziwiri.
Ndinabweretsa.
Mu Malichi mayi yemwe uja, mwaulemu ndithu,
anati fomu imeneyo inatha ntchito, bambo,
tsopano tikufuna umboni
woti m'dziko muno mulibe wina
angachite zomwe mlendoyu amachita.

Umboni umenewo munthu amautenga kuti?

Ndinakhala usiku ndi cholembera,
magetsi atazima, foni ikuunikira pepala,
ndikulemba kuti anyamata anga ndi operewera.
Wongani, amene masana amanyamula anthu pa Katoto,
phewa lake lidakali ndi bandeji ya mpikisano watha.
Tawonga, amene anagulitsa mbuzi ya mlongo wake
kuti agule chipewa.
Operewera, ndinalemba, n'kudindapo chidindo.

M'mawa ndinatuma mwana kukajambulitsa kalatayo.
Ndinaiwala kuti Wongani ndiye amamukweza.
Anandibwezera envelopu osandiyang'ana kumaso,
anangoti, yanyowa pang'ono pakona, abwana.

Mu Meyi lamulo linasambulanso khungu.
Malipiro akhale m'madola.
Mlendo asonyeze kuti anapambanapo kunja,
m'mipikisano yodziwika ndi mabungwe.
Lusekelo anapambana m'minda ya mpunga yokolola,
mboni zake ndi ana okwera m'mitengo ya mango.

Amandiimbira ali pa Kasumulu,
mlatho akuuona, mbendera yathu akuiona.
Azakhali ake anakwatiwa ku Kaporo,
pamaliro amaoloka ndi nkhuku m'manja
popanda womufunsa za madola.
Kulira ndi kololedwa.
Kuzungulira bwalo kanayi ndiye ntchito.

Mtsinje wa Songwe nawonso sukhazikika,
chaka chino munda uli kuno, chaka chamawa uli uko,
koma uwo umayamba wachita phokoso
anthu n'kusamutsa mbuzi.

Loweruka anthu anabwera ochepa,
mapepala omata pamitengo anali ndi nkhope yake.
Wina anafuna kuti timubwezere ndalama.
Wongani analowa m'galaja, bandeji atamasula,
anaima pafupi ndi seveni osanena kanthu.
Ndinamupatsa magolovesi.

Anagwa pa ulendo wachitatu,
pakona ya kumunsi pomwe madzi amadikha.
Anadzuka, anaikankha, inalira,
anamaliza womaliza, matope mpaka m'mano.
Ana a pampanda anamuimbira m'manja
pomutchula dzina la munthu wina.

Usiku foni inalira.
Lusekelo, Chichewa chake chopindikapindika,
anali ataona kanema wa mnyamata wa pageti.
Muuzeni asamaope kona ija, anatero,
achotseko mpweya pang'ono kutayala lakumbuyo,
maso aziyang'ana kotulukira, osati pansi.

Fayilo yake akuti ili ku likulu, pa tebulo la wina.
Lolemba ndipitanso pawindo,
ndasunga zithunzi zina ziwiri m'thumba la ovolosi.
Wongani wabwera kale kawiri kudzafunsa
kuti pang'ono ndiye kuti bwanji.