Masamba a Masawu

Mvula ya ku Sylhet sidziwa maliro.
Inagogoda malata usiku wonse
pamene azakhali a Momtaj ankafunditsa madzi,
akuponyamo masamba a masawu.

"Yambira kumanja, Nasrin," anatero.
"Usawavundukule. Dzanja lidutse kunsi kwa nsalu.
Womwalira nayenso amachita manyazi."

Tinawasambitsa katatu.
Mayi anga, amene ankandikwecha msana mpaka kulira,
anagona phee m'manja mwanga,
opepuka ngati mtolo wa mapesi a mpunga.
Pansi pa phewa zala zanga zinakhudza chipsera
chimene sindinachidziwepo zaka makumi atatu.
Ndinadzutsa maso.
Azakhali anangothira madzi ena.
"Zimene taona muno zipita ndi madziwa."

Tsitsi tinaliluka zingwe zitatu.
Nsalu zoyera zisanu, zopanda msoko, zopanda thumba.
Mayi wosoka madiresi a akwati a mudzi wonse
akupita ndi chovala chosadziwa singano.

Foni inanjenjemera pawindo.
Jubayer, ku London, mawu ali ziii:
"Ajambule nkhope, mlongo wanga, kamodzi kokha.
Ndege ifika Loweruka."
Loweruka! Iwo alowa m'manda dzuwa lisanapendeke.
Ndinati ayi.
Nkhope imeneyi sinayendepo m'matumba a anthu,
siyamba lero.
Anakhala chete. Ndinamva basi ikudutsa kwawoko.
"Ndiye ndiuze," anatero.
Ndinamuuza: makwinya a pachipumi amasuka,
kadontho ka pachibwano kali pomwepo,
akuoneka ngati amva nkhani yoseketsa
koma akudikira alendo achoke.

Kenaka tinatsegula kumaso, pang'ono pokha,
achibale nalowa mmodzimmodzi, opanda nsapato.
Wosadzigunda pachifuwa, wosang'amba malaya.
Misozi yokha, imeneyo Mulungu saletsa.
Mdzukulu Tuli anafunsa ngati agogo akumva kuzizira.
Ine ndinapsompsona chipumi,
ndipo kachiwiri, m'malo mwa Jubayer.

Amuna ananyamula jeneza pamapewa,
mathalauza atapindira m'mawondo, matope mpaka m'akakolo.
Kubwalo la mzikiti adzaima m'mizere,
swala yopanda kuwerama, yopanda kugwetsa mphumi pansi,
kenaka adzawagoneka chakumanja, kuyang'ana ku Maka.
Ine ndinatsala pakhomo
mpaka maambulera akuda atakhota pa dziwe.

M'beseni munatsala tsamba limodzi,
litamatirira m'mbali.
Ndinalitsuka. Makinawo sindinawaphimbe:
pali diresi la mwana wa eni
losamaliza mkono umodzi.