Ng'ona ya M'foni

Lolemba Zuze anabwera ndi foni ya amalume ake,
galasi lake long'aluka ngati dambo la mu Okutobala.
"Aphunzitsi, ng'ona yalowa m'kalasi ku Makhanga!"
Tinaunjikana, sitandade sikisi yonse ya pa Bangula,
thukuta kamukamu.

Mayi Alufandika sanatikalipire.
Anaika choko pansi, nati:
"Isiyeni ng'onayo. Mtengo uli kuseriwo ndi wanji?"
Zii.
Si mlambe, si msangu, si mgwalangwa wakwathu.
Ndipo ana a pachithunzipo avala majuzi aubweya.
Majuzi ku Makhanga,
kumene ngakhale mbuzi imalimbirana mthunzi ndi mwini wake!

Tinaseka. Zuze sanaseke.
Amayi ake anachezera kulira,
mlongo wake amaphunzira tsidya lomwelo.

"Nkhani ndi madzi a m'chigumula," anatero mayiwo,
"ukatunga, adikire matope akhale pansi.
Wanena ndani? Analipo? Linali liti?"

Madzulo wailesi inalengeza mtengo wa thonje.
Ndinafunsa bambo: "Iwowo wawauza ndani?"
Anandiyang'ana nthawi yaitali,
kenaka anandisendezera mpando,
nakweza mawu a wailesiyo.