Mpweya wa ku Chawe

Zaka zinayi galimoto iyi yakhala pa njerwa
kuseri kwa nyumba yathu ku Chinamwali.
Msana wake ndi wa pikapu imene inagubuduka pa Namadzi,
zitseko ndinasula ndekha,
mipando ndi ya minibasi yakufa.
Odutsa amati ndikumanga khola la nkhunda.
Alekeni anene. Patsala pakhosi pokha,
pamene petulo amakumana ndi mpweya.

Pathebulo pali zinthu ziwiri.
Kumanzere kabuleta, wakuda ngati zikhadabo zanga.
Ndinamugula kwa Che Saizi mumsika,
pakati pa maloko adzimbiri ndi mahinjesi.
Uyu ndimamudziwa.
Akatsamwa ndimamumasula,
ndimauzira m'kabowo ndi pakamwa pangapa,
kulavula, kumubwezera,
kenako khutu pa injini, chala pa sikuluwu,
kupotoza pang'ono, kubweza pang'ono,
mpaka ipume ngati mwana wagona.

Kumanja kuli katundu wa Ndaziona, mwana wanga,
wabwera naye kuchokera ku Nasawa m'katoni ya sopo:
mainjekita anayi, pampu, kabokosi komata,
ndi mawaya opiringizana ngati mizu ya kachere.
Akuti kabokosiko kamanunkhiza utsi,
kamamva kutentha, kamawerenga dontho lililonse.
Ndikuti, kakadwala usiku pa Jali,
udzakauzira pati?
Akuti, Bambo, kamanena kokha pamene pakupweteka.
Ndikuti, kamauza yani?
Ine chiyankhulo cha mawaya sindinachiphunzire.

Mlandu wonse uli paphiripo.
Tonse tikufuna galimotoyi ikafike ku Chawe
ndi mphamvu zake, osakankhidwa ndi anyamata ogulitsa sitiroberi.
Kumtundako mpweya umapyapyala,
koma kabuleta sadziwa kuti wakwera,
amathirabe muyeso wa kuchigwa,
utsi umada, injini imatsokomola pokhota paliponse.
Zikatero ine ndimatsika, kutsegula boneti, kupotoza.
Kwa ine kumeneko ndi kucheza.
Iye akuti ndi kutaya mafuta
amene tinagonera pamzere usiku wonse,
udzudzu ukutiimbira m'makutu.

Lachiwiri ndinapambana.
Tinamanga kabuleta, batire tinabwereka,
inakana kawiri, kachitatu inavomera,
nkhuku zonse kuthawira kwa aneba.
Ndinapotoza, ndinabweza, ndinati, Tamva!
Ndaziona anaima phee, mutu utapendekeka
momwe ndinkapendekera ine ali wakhanda.
Kenako anagwira dzanja langa,
nalitembenuza pang'ono chabe, ngati akutseka mpope.
Imaphonya, Bambo, anatero motsitsa mawu.
Simunaimve?

Sindinaimve.
Khutu lakumanzere linapita ndi nyundo,
zaka makumi atatu za kuwongola zitsulo za eni.
Lakumanja nalo layamba kusankha zoti limve.

Usiku ndinakhala naye kabuleta pakhonde,
akununkhabe petulo, wofunda ngati dzira.
Magetsi anali atazima. Phiri silinkaoneka,
koma unkadziwa kuti lilipo
chifukwa nyenyezi zinathera pamenepo.
Ndinawerenga zaka zimene galimotoyi ingayende,
ndinawerenganso zanga,
ndipo masamuwo sanagwirizane.
Adzaitsegula boneti ndani mvula ikugwa pa Thondwe?
Si ine.

M'mawa ndinaboola mabowo awiri pafupi ndi thanki,
malo a pampu yake.
Anandipatsa waya wofiira kuti ndigwire,
ndinagwira ngati mwana wotumidwa,
iye akuwerenga chipepala, pensulo ili kukamwa.
Anandikalipira kamodzi. Ndinalakwadi.

Koma kabuleta sindinamubweze kwa Che Saizi.
Ndamukulunga m'malaya anga akale a ovolosi,
pamodzi ndi sipanala ya teni ndi kawaya kotokosera,
ndamuika pansi pa mpando wa dalaivala.
Dzulo Ndaziona anamupeza posesa.
Anamunyamula, anamuyeza kulemera m'manja,
anandiyang'ana,
namubwezera pomwepo.

Loweruka tikukwera.
Akuti ayendetsa ndi iye mpaka pa damu.
Kuchokera pamenepo tikakambirana.