Chilembo Chopendekeka

Abiti Sumaili anafika Lachiwiri, dzuwa lili paliwombo,
botolo la achari lili m'jumbo,
pamimba pake kapepala komata ndi phala la chinangwa,
kolembedwa ndi bolopeni: ACHARI.
"Mwini sitolo ya paboma wandibweza," anatero,
"akuti katundu wopanda nkhope sakwera pashelefu.
Ndipangire nkhope, mwanawe."

Ndinatsegula laputopu yanga yong'aluka pakona
ndikudzimva mmisiri wa mumzinda.
Usiku womwewo ndinatola mango pa intaneti,
onenepa, osalala ngati adzola mafuta,
pansi pake zilembo zagolide zopiringizika.

Anayang'ana nthawi yaitali.
"Mango awa ndi a kwa yani?
Sanagendedwepo ndi mwana wasukulu awa.
Anga ndimathyola osapsa, utomoni uli chuchuchu.
Nanga zilembozi zikuvina chiyani?
Munthu ali pakabaza aziwerenga bwanji?"

Ndinameza malovu. Ndinafufuta.

Ulendo wachiwiri anabwera ndi zofuna zawo:
manambala atatu a foni, nkhope ya mdzukulu,
dzina la malemu amuna awo, mawu oyamika Mwini zonse,
zonsezo pa kapepala kosaposa chikhatho.
"Mayi, botolo si khoma la pabalaza."
Tinakangana mpaka wachipisi wa pakhomo
anaiwala kutembenuza mbatata zake.
Nambala inatsala imodzi.
Dzina la malemu tinaliika kumbuyo,
pafupi ndi mchere ndi adyo,
poti ndiwo ankalawa mphika uliwonse usanaphulidwe.

Koma kutsogolo kunali mbee, kopanda kanthu.

Loweruka ndinapita kwawo ku Kaphatenga.
Ndinawapeza pakhonde, miyendo tambalale,
mpeni wawo utadyeka pakati ngati chiuno cha mavu,
ukung'amba mango aawisi: khapa, khapa.
Kambuzi anandiyetsemulitsa kasanu.
Chala chawo chachikulu chinali chitamwa chikasu,
mtundu umene sindinaupeze m'bokosi la mitundu yonse.
Ndinachijambula pafoni.
Iwo anaseka: "Chala? Nkhope yonseyi osaiona?"

Pobwerera ndinatenga kapepala kakale kaja.
A woyamba anali wopendekeka,
ngati mayi wosenza dengu akuwoloka msewu wa phula,
R atatambasula mwendo, I ataima yekha patali.
Ndinalondola mzere uliwonse pang'onopang'ono,
osawongola, osakometsera.
Magetsi anathima ndisanasunge.
Batire inafa kalekale.
Ndinakhala mumdima ndikutukwana chamumtima,
udzudzu ukundiyankha.
M'mawa ndinayambanso; dzanja linali litaloweza.

Pulinta ya Che Mbwana ili ndi maganizo akeake.
Chikasu chija chinatuluka ngati tsamba la fodya,
kenako ngati ndulu.
Kachitatu mpamene chinafanana ndi chala.
Abiti anadonthezapo mafuta a achari dala:
inki inayenderera, A analira misozi yakuda.
Tinadikira sabata, pepala losalowa madzi
likubwera ndi kondakitala wochokera ku Lilongwe
amene foni yake imangoti yazimitsidwa.

Tsiku lomata anabwera ndi mabotolo makumi anayi.
Anagwira loyamba, n'kulitalikitsa kumaso.
"Koma izi ndinalemba ndine."
"Inde."
"Ndiye ndikulipira chiyani?"
Anandipatsa theka la ndalama ndi mabotolo awiri,
zotsalazo akuti mango akadzabwerera.

Dzulo ndinalowa kwa telala kukasoketsa thumba la thalauza.
Pawindo pake panali botolo lija, achari atatha,
mkati muli mabatani ndi masingano.
Pepala silinamatuke.
A akadali wopendekeka, akuwolokabe.
Sindinanene kuti ndine.
Ndinangofunsa ngati anali wowawa.
Telala, ulusi uli pakamwa, anagwedeza mutu:
"Ameneyo? Amaluma bwino."