Mababu a Asbjørn

Ku Hammerfest, Novembala akamatha,
dzuwa limatsazika ngati mlendo wangongole,
osanena tsiku lobwerera.
Gunnvor amadzuka mumdima, nadya mumdima,
nakwera masitepe khumi ndi anayi
kupita m'kachipinda ka kunsi kwa denga
momwe amawerengera ndalama za eni maboti.

Nyale ya patebulopo anaikhoma Asbjørn,
mkono wake wachitsulo wopindika ngati khosi la kakowa.
Anaiika kumanzere dala
kuti mthunzi wa dzanja la mkazi wake
usamagwere pa manambala.
Asbjørn anatsogola chaka chatha. Nyale inatsala.

Lolemba babu linangoti phethi, phethi, zii.

Kusitolo anampatsa loyera mbee,
akuti silidya magetsi, akuti likhala zaka khumi.
Atalimanga, chipinda chinasanduka chipatala.
Mapepala kuthobwa m'maso,
kompyuta kunyezimira ngati madzi oundana,
ndipo pa msonkhano wa pakanema
Torleif wa boti la nkhanu anafunsa:
"Mayi, kodi mukudwala?"

Sanayankhe. Anangozimitsa kamera.

Madzulo, ngati madzulo aliko kumene kulibe masana,
anatsikira m'chipinda chapansi
momwe zida za malemu zikugonabe.
M'katoni ya nsapato, pansi pa mawaya,
mababu atatu okulungidwa m'nyuzipepala,
ndi zilembo zake zija zopendekera:
"Achikasu. A maso ako. Usagule ena."

Anakhala pa sitepe, katoni pamiyendo,
mpaka kuzizira kunamulowa m'mafupa.

Tsopano kuwala kumatsikira patebulo ngati uchi,
kumalekezera pa kapu ya khofi ndi m'mphepete mwa kaundula,
kwinako n'kusiyira mdima,
poti nawonso ndi mwini nyumba.
Kawindo kaphimbidwa ndi chipale,
komabe Gunnvor wakokera tebulo pafupi,
kawindoko kakhale chakumbali,
osati kumsana, osati kumaso,
kudikira kumapeto kwa Januwale
pamene dzuwa lidzasuzumire mphindi zochepa chabe
ngati mwana wamanyazi pakhomo pa eni.

M'katoni mwatsala awiri.
Iye amene amawerengera anthu zonse,
nsomba, mafuta, msonkho, chiwongoladzanja,
amene sanasocheretsepo ngakhale khobidi,
wakana kutenga pensulo
kuti aone mababu awiri
ndi nyengo zingati za mdima.