Sikelo Yaima pa Lizulu

Ntchito yanga ndi kuyeza za eni:
nyemba, soya, mtedza wa anzathu a ku Mozambiki
owoloka msewu ndi matumba panjinga.
Muvi wa sikelo yanga ukangogwedera, ndimadziwa chimene ukufuna kunena.
Koma tsiku la msika lililonse
ndimavula nsapato pamaso pa Filipo,
kamnyamata koyenda ndi sikelo yagalasi m'khwapa,
n'kumulipira handiredi kwacha
kuti andiuze zomwe zija: 88.

Ndinayamba ndili 97,
tsiku lomwe a Nangozo a kuchipatala
anandimanga lamba pamkono, napopa, nakhala duu,
kenaka nati, "Mayi, magazi anuwa
akuthamanga ngati minibasi yolimbirana anthu."
Ndinasiya tchipisi cha pachiwaya.
Ndinasiya zozizira za m'botolo.
M'mawa uliwonse ndinkayenda m'mbali mwa tala mpaka pamlatho,
makilo asanu ndi anayi n'kuchoka osatsanzika.
Kuseri kwa milu ya kabichi anayamba manong'onong'o:
"Amake Tiyese atha bwanji chonchi? Kaya."
Ine ndinangokunga chitenje.

Kenaka sikelo inaima njii.
Meyi, 88. Juni, 88.
Julaye ndi chisanu chake cholasa m'mafupa, 88 yomweyo.
Ndinati, Filipo, sikelo yakoyi yafa.
Anakwerapo yekha, inawerenga bwinobwino.
Ndinavula juzi, ndinavula ndolo,
ndinatulutsa mpweya wonse m'chifuwa.
Ayi ndithu.

Usiku wina ndinatenga kope la ngongole,
ndinayambira kumbuyo kwake
kulemba chilichonse cholowa m'kamwa.
Apo ndiye ndinagwira akuba anga:
makapu asanu a tiyi wothamangitsira mphepo,
iliyonse masupuni atatu a shuga;
mtedza wolawa kuti ndione ngati wauma,
dzanja ili, dzanja linalo, mpaka dzuwa kulowa;
zotsala za ana, poopa kutaya;
thobwa la a Nanzunga, lomwe sindingalikane
poti amuna awo anandikongoza malata.

Nawo msewu wanga wa m'mawa uja
thupi linali litauloweza ngati vesi ya Sande sukulu,
linkauyenda lili mtulo, popanda ndi thukuta lomwe.

Ndiye tala ndinamusiyira magalimoto.
Ndinakhotera kuphiri, kanjira ka otola nkhuni,
komwe mtima umagogoda ngati mwini ngongole
ndipo maondo amatukwana mokweza.
Tsiku loyamba ndinafika pamwala woyamba, n'kubwerera.
Lachisanu ndinakagwira mtengo wa paini.
Matumba a theka ndinayamba kusenza ndekha.
Aganyu anandikwiyira,
ndinawasiyira odzadza, tinagwirizana.
Tiyi: supuni imodzi, kenaka theka,
kenaka madzi otentha ofinyira ndimu,
nkhope n'kukwinyika ngati chikwama cha pa mwezi pakati.
M'mbale, mpiru ndi nyemba zinalanda malo,
kachewere anasunthira m'mphepete ngati mlendo wamanyazi.
Foni ndimaizimitsa eyiti koloko, ndigone.

Sabata yoyamba, 88.
Yachiwiri, 88,
ndinatsala pang'ono kumugenda Filipo ndi phwetekere.
Koma siketi ya kutchalitchi
inayamba kuzungulira yokha m'chiuno,
ndipo phiri lija, sindikudziwa anachita ndani,
linafupika.

Lero, chifunga chisanayalule mphasa yake pamsika,
ndaima chosavala nsapato pagalasi lozizira.
Filipo wawerama, wapukuta ndi malaya,
wayang'ananso kachiwiri.
"Mayi, 87 ndi ka 4."

Magalamu 600 okha.
Koma ine magalamu 600 ndimawadziwa:
ndi kasoya kosadzadza n'kambale komwe,
komwe mlimi amakangana nane mpaka thovu kukamwa,
poti akudziwa mizere ingati anaipalira.

Ndamupatsa thuu handiredi, ndati chenje asunge.
Ndavala nsapato.
Thumba la munthu likundidikira pambedza,
ndipo mawa kuli phiri.